Dzenje la m'Phanga la Akafula

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili mumtsinje wouma. Chinali chaka chachiwiri mvula ikuvuta kuno kumapiri, nkhondo ya Majeremani isanayambe. Ndinali nditangolowa chikamwini kwawo kwa mkazi wanga Naphiri, kumpoto kwa Boma la Dedza, ndipo iye anali ndi pakati poyamba. Chimanga chinapserera chisanatulutse ngayaye. Chitsime cha pamudzi chinauma, moti amayi ankapita kukafukula mchenga mumtsinje n'kumadikira kuti madzi atuluke odzaza chikho.

M'mawa wina ndikuwakulitsira dzenje limenelo, munthu wovala kabudula wa kaki anaima m'mbali mwa mtsinje n'kumandiyang'ana.

"Khasu mumalidziwa," anatero. "Simungafune ntchito yokumba?"

"Kukumba chiyani?"

"Dothi basi. Mzungu wake amapereka ufa ndi mchere Loweruka."

Anali a Yohane, kapitawo wa mzungu wina amene anamanga tenti m'munsi mwa phiri. Sindinafunse zambiri. Nkhokwe ya apongozi inali itatsala pansi penipeni, ndipo mkamwini amene sabweretsa chakudya chaka cha njala amadzionera yekha mmene anthu akumuyang'anira.

Madzulo Naphiri anabwera ndi mawu ochokera kwa mayi ake, popeza apongozi sakanandiuza okha maso ndi maso.

"Amayi akuti mzungu ameneyo akukumba kuphanga la Akafula. Akuti munthu amene mkazi wake akuyembekezera sapondako."

"Nanga inuyo mukuti bwanji?"

Anati, "Ine ndikungofunsa kuti tidya chiyani."

Ndinapita.

Phangalo ndi thanthwe lalikulu lopendekera kutsogolo ngati khonde la nyumba. Pakhoma pake pali zojambula zofiira, mizeremizere ndi zina zozungulira ngati dzuwa, zimene palibe mkulu aliyense amene ankadziwa tanthauzo lake. Tili ana ankatiuza kuti anajambula ndi Akafula, anthu aafupi amene makolo athu anawapeza kuno akukhala m'mapanga ndi mauta awo. Ankati ukakumana naye amafunsa kuti, "Mwandionera pati?" ndipo ukapanda kuyankha kuti wamuonera patali, amakulasa. Abusa ankathawirako mvula, koma palibe amene ankagonako.

Mzunguyo dzina lake linkatikanika, ndiye tinkangoti a Chitolamiyala, chifukwa ankayenda chowerama, n'kumatola timiyala m'njira. Anali wowonda, wosakalipa, Chinyanja chake chinali cha mawu ochepa. Antchito tinalipo angapo. Wamkulu pa tonse anali a Kanjedza, bambo wa imvi wa mudzi woyandikana nafe, amene kwawo anali mdzukulu, wokumba manda. Iwo ndi amene anandipatsa lichero tsiku loyamba n'kunena kuti, "Apa sitilima, mphwanga. Tikupeta dothi."

Kagwiridwe kake kanali kotere. Pansi pa phanga tinkakhoma zikhomo zinayi n'kumangirira chingwe, kuti pakhale malo a ngodya zinayi otalika ngati munthu atagona. Khasu tinkaligwiritsa pamwamba pokha. Kupitirira apo tinkapala ndi kachitsulo kophwatalala konga chipande, osazamitsa kuposa chikhatho, mpaka malo onse atafanana, kenako n'kuyambiranso. Dothi tinkaliwolera m'lichero, wina n'kulinyamula kupita nalo panja pamene panali sefa wa waya womangidwa pamitengo itatu. Apo awiri ankagwedeza, fumbi n'kugwa, zotsala pamwamba n'kuzisankha ndi zala. Tinkapeza timiyala toyera takuthwa ngati lumo, makala, mafupa a mbira ndi a agwape, zigoba za nkhono. Tsiku lina ndinapeza mwala wobulungira woboola pakati. Zonse ankaziika m'zitini, chitini chilichonse cha msinkhu wake wa dothi. Ukasakaniza za pamwamba ndi za pansi, a Chitolamiyala ankapukusa mutu n'kutaya zonse. Ukafulumira ankagwada pambali pako n'kunena kuti, "Pang'onopang'ono. Chitsulo chimaswa."

Sabata zoyambirira ndinkaopa zojambula zija. Ndinkagwira ntchito nditazifulatira, koma ndinkamva ngati wina akundiyang'ana kumsana. Pang'ono ndi pang'ono ndinazolowera. Mantha enieni anabwera ndi dothi.

Pamene dzenje linkazama, khoma lake linayamba kuonetsa mitundu. Pamwamba panali dothi lakuda la ndowe za mbuzi ndi mapale a miphika ngati yathuyi. Pansi pake panali phulusa lotuwa, mmene munkachokera timiyala toyera tija, mopanda phale ngakhale limodzi. Kenako tinafika pa mchenga wofiira, wouma, wosalala ngati ufa. Tinaupeta masiku ambiri osapezamo kanthu, ngakhale khala. Anzanga anayamba kunena kuti tafika pamapeto, mzungu akungotitopetsa. Koma pansi pa mchengawo phulusa linayambiranso, ndipo miyala yake inali ina, ikuluikulu, yosemedwa mwamphamvu, yodzaza dzanja.

Masana a tsiku limenelo tikupuma pamthunzi, a Chitolamiyala analankhula nthawi yaitali m'Chingerezi akuloza khoma la dzenje, a Yohane n'kumatimasulira.

"Akuti miyala ikuluikuluyi si ya Akafula. Ndi ya anthu ena akale kwambiri, Akafula asanabadwe. Akuti anthuwo ankakhala muno, kenako mvula inasiya. Osati chaka chimodzi kapena ziwiri. Mibadwo. Mitengo inatha, mitsinje inauma, mphepo n'kumabweretsa mchenga wofiirawu. Anthu aja anachoka kutsata nyama, nyama zikutsata madzi. Mvula itabwerera ndi pamene kunabwera ena n'kusonkhanso moto."

A Kanjedza anafunsa kuti, "Anapita kuti?"

A Yohane anafunsa mzunguyo. "Akuti sakudziwa. Mwina kunyanja, mwina kutali kuposa pamenepo."

"Nanga obwerawo anali zidzukulu zawo?"

"Akuti mwina. Akuti mwinanso ayi."

Ine ndinayang'ana kunja kwa phanga. Kuchokera pamenepo umaona chigwa chonse, ndipo chinali chotuwa, minda ili mbee, kamvuluvulu akuyenda nalo fumbi. Kuyambira ndili mwana ndinkadziwa kuti chilala ndi mkwiyo wa mizimu, ndipo mkwiyo umatha mukapepesa. Sindinaganizepo kuti mvula ingachoke osabweranso mpaka ana a ana ako atatha. Mchenga umene ndinaupeta ndi manja anga unali wokuya kuchokera m'chiuno mwanga mpaka paphewa, ndipo munalibe munthu.

Kumudzi zinthu zinkaipiraipira. Anakathira nsembe kukachisi, mitambo inasonkhana madzulo amodzi n'kubalalika. Anthu anayamba kunong'ona kuti amene akukumba kuphanga ndi amene amanga mvula. Kumtsinje mtsuko wa Naphiri ankaukankhira kumapeto kwa mzere. Amuna amene ndinavinidwa nawo kudambwe ankandiona n'kupatuka. Mabanja ena anali atayamba kusamuka, ena kulowera ku Linthipe kumene madzi anali asanaphwe, ena kutsidya kwa Apwitikizi. Apongozi ankafuna kupita ku Linthipe kwa achibale awo, koma atsibweni ake a Naphiri, amene anali mwini mbumba, ankakana. Ankati munthu sasiya manda a amayi ake chifukwa cha dzuwa la zaka ziwiri. Ine ndinkabwera ndi ufa, onse ankadya, koma palibe ankandiyang'ana kumaso.

Tsiku limene sindiliiwala linali la mwezi wotentha uja mvula ikayandikira. Dzenje linali litapitirira msinkhu wanga, tinkatsikiramo pa makwerero a mitengo yomanga ndi luzi. Pansi panali pothina, pa munthu mmodzi, ndipo popeza ndinali wochepa thupi ankatsitsa ine. A Kanjedza ankakhala pamwamba n'kumakoka lichero ndi chingwe.

Dzuwa lisanafike pamutu, ndikupala pakona pamene mchenga wofiira unkakumana ndi phulusa la pansi, chitsulo chinagunda chinthu chobulungira. Ndinayesa chigoba cha fulu, popeza tinali titapezapo zingapo. Ndinaika chitsulo pansi n'kuyamba kuchotsa dothi ndi zala monga anatiphunzitsira. Chala changa chinalowa m'bowo. Pafupi pake panali bowo lina. Nditapukuta m'munsi ndinaona mano.

Unali mutu wa munthu. Anagona cham'mbali, ndipo nditayang'anitsitsa ndinaona mafupa a mawondo atapindikira pachifuwa. Anali wamng'ono, koma mano ake anali operepeseka ngati a nkhalamba.

Thupi langa lonse linazizira m'kati mwa kutentha konse kuja. Ine sindinali mdzukulu. Ndinali nditagwira maliro ndi manja opanda mankhwala, nditalowetsa chala m'diso lake, mkazi wanga ali ndi pakati kunyumba. Ndinaitana ndi mawu amene sanamveke ngati anga.

"A Kanjedza, kuno kuli munthu."

Iwo anasuzumira, kenako anaitana a Yohane. A Yohane anaitana mzungu. Ogwedeza sefa anasiya sefa, onyamula malichero anataya malichero. Onse anabwera kudzaima m'mphepete mwa dzenje, mbali imodzi, kusuzumira pansi. Ndinakweza maso n'kuona mitu yawo itatseka kuwala, nsapato za a Chitolamiyala zili pamlomo penipeni pa dzenje. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaganiza za kulemera kwawo, ngakhale ine.

Mchenga pang'ono unandithothokera pakhosi. Ndinaukutumula ndi dzanja. Unathothokanso. Nditayang'ana khoma ndinaona mng'alu ukuyenda m'mchenga wofiira uja, mwakachetechete, ngati mmene umang'ambikira mphika pamoto. Ndinangokwanitsa kuwerama n'kuphimba mutu ndi mikono.

Sindinamve phokoso. Ndinangomva ngati ng'ombe yandigonera pamsana, kenako mdima.

Ndinali chogwada, chifuwa chili pamawondo, nkhope ili pakati pa mikono. Pamenepo panatsala kampata kakang'ono ka mpweya. Tsaya langa linali litatsamira chinthu cholimba chosalala, ndipo ndinadziwa chimene chinali. Ndinayesa kusuntha mutu, osatheka. Ndinayesa kukuwa, mchenga unadzaza m'kamwa. Chimene chinandiopsa koposa chinali kupuma. Ndikatulutsa mpweya, mchenga unkatsatira nthiti n'kuzithina, ndipo ndikafuna kukoka wina malo ankakhala atachepa. Mpweya uliwonse unali wocheperapo kuposa unzake.

Ndinaganiza kuti mwini phanga wandigwira, wati wandidzutsa, ukhala nane. Ndinaganiza za Naphiri akumva uthenga ali kumapeto kwa mzere wa mitsuko. Ndinaganizanso, sindikudziwa chifukwa chake, za munthu amene ndinamutsamirayo. Anamuika pomwe phulusa linkathera. Mwina anali wokalamba amene sakanatha kuyenda, anzake n'kumuika kaye asananyamuke. Mwina anakana kuchoka. Tinali awiri pansi pa mchenga umodzimodzi, titapinda mawondo mofanana.

Kenako ndinamva kugunda pamwamba panga, du, du. Linali khasu. Linkabwera molunjika pamene panali mutu wanga, ndipo ndinalibe njira yowauzira. Linagunda kachitatu, pafupi kwambiri, kenako linasiya. Mawu a a Kanjedza anamveka ngati akuchokera kuseri kwa phiri.

"Ikani makasu pansi, mumutema mutu. Bwererani nonse kumbuyo. Ndipatseni chingwe."

Chingwe cha lichero ndicho chinandipulumutsa. Pamene khoma linkagwa chinali chitandikulunga pamkono, ndipo nsonga yake ina inali pamwamba. A Kanjedza anatsika okha, n'kuyamba kufukula ndi manja kutsata chingwecho. Anandiuza pambuyo pake kuti mchenga unkabwerera pomwepo ngati madzi, ndipo khoma lotsala linkathothokabe. A Chitolamiyala anathamangira kutenti, anabwera ndi thabwa la tebulo lawo, analiimika pakhoma n'kulitsamira ndi msana, miyendo ataiponda kukhoma linalo. Anakhala choncho osasuntha, mchenga ukuwatsikira m'malaya. A Yohane anagona chafufumimba pamwamba n'kumalandira malichero.

Ine za zimenezi sindinkadziwa. M'maso mwanga munayamba kuoneka timoto, makutu ankalira. Ndinali nditasiya kulimbana pamene zala zinandikhudza kumutu. Zinatsika, zinapeza khutu, zinafukula kuzungulira nkhope. Kuwala kunalowa ndi mpweya wotentha wafumbi umene mpaka lero sindinamvepo wokoma ngati umenewo. A Kanjedza analowetsa chala m'kamwa mwanga n'kuchotsa mchenga.

"Musagwedezeke, mphwanga," anatero motsitsa mawu. "Pumani pang'onopang'ono. Khomali likutimvera."

Anyamata pamwamba ankafuna kundikoka ndi chingwe. A Kanjedza anakana. Anati munthu wokwiririka sazulidwa ngati chinangwa, msana umatsala. Anafukula mpaka m'chiuno, mpaka m'mawondo. Mwendo wanga wamanzere unali utapindikira pansi pa makwerero othyoka. Atauwongola ndinakomoka. Ndinatsitsimuka ndili panja pamthunzi, ndipo ndinamva kuti titangotuluka tonse atatu, mzunguyo atasiya thabwa, khoma lonse linagwera m'dzenje.

A Chitolamiyala anakhala pamwala nthawi yaitali, magalasi atathyoka. Madzulo anafunsa kudzera mwa a Yohane ngati pali amene angatsikenso mawa kukafukula mafupa aja. Palibe anavomera. Sanaumirize. M'mawa mwake anati tikwirire, ndipo iwonso anagwira fosholo.

Kunyumba sindinapite. A Kanjedza anati munthu wogwira maliro salowa m'nyumba ya mayi wapakati asanasambe mankhwala. Anakumba mizu yawo, koma madzi osambira panalibe. Mzunguyo anapereka a m'mgolo wake wakumwa, ndipo a Kanjedza anandisambitsa kuseri kwa thanthwe monga asambira adzukulu pochokera kumanda. Ndinagona mumsasa wa antchito masiku angapo, bondo litatupa ngati dzungu. Ndikangotseka maso ndinkamva nthiti zikuthina.

Kumudzi atamva kuti dzenje lakwiriridwa, anthu anayamba kuyang'ana kumwamba. Inenso ndinkayang'ana. Ndinkafunitsitsa kuti akhale olondola, kuti tikhale ife amene tinamanga mvula, chifukwa zikanatero ikanagwa. Sabata inatha, ina inatha. Kumwamba kunali mbee.

Naphiri anabwera tsiku lina m'mawa. Anaima patali ndi msasa, mimba itakula, mapazi ali mbuu.

"Mutha kuyenda?" anafunsa.

"Ndi ndodo."

"Dzenje la kumtsinje lauma. Dzulo amayi adikira mpaka dzuwa kulowa, abwera ndi chikho chopanda kanthu. Ife tikupita ku Linthipe."

"Atsibweni avomera?"

"Sanavomere. Akuti atsala."

Tinanyamuka patapita masiku awiri. Apongozi anasenza mbewu za chimanga ndi nyemba m'chikwatu, Naphiri mphika ndi mphasa, ine khasu paphewa ndi ndodo kudzanja. M'njira tinapeza ena ambiri, ena akukoka mbuzi zimene zinkagwa n'kudzuka. Ndinkatsalira kumbuyo chifukwa cha mwendo, ndipo paliponse pamene tapuma ndinkaopa kuti Naphiri ayamba kudwala tisanafike. Tinafika. Mwana anabadwira m'khumbi la udzu kwa achibale a apongozi, wamkazi, wamoyo. Atsibweni aja sanaione mvula imene inadzagwa mochedwa chaka chimenecho. Anawapeza atamwalira m'nyumba mwawo anthu amene anabwerera kukaona mudzi.

A Chitolamiyala sindinawaonenso. Ndinamva kuti anapakira zitini zawo n'kutsikira ku Zomba. Zimene ananena zija, za mibadwo yopanda mvula, sindikudziwa ngati zinali zoona zonse. Mvula yathu inabwerera, anthu ena anabwerera kumidzi yawo. Koma kuyambira pamenepo sindinyoza munthu amene wasamuka. Ndaona zilala zina pambuyo pake, ndipo nthawi zonse pamakhala wonena kuti othawa ndi amantha. Ine ndimati nyamukani miyendo ikadali ndi mphamvu, manda mudzawapeza.

Bondo litapola, ngakhale silinawongoke bwino, a Kanjedza anandiitana kuti tizikumba zitsime. Ndi ntchito imene ndakalamba nayo. Ndakumba m'midzi ya kuno, ku Lobi, ndi kumishoni. Anyamata amene ndawaphunzitsa amadziwa malamulo anga. Dothi louma likapitirira paphewa, khoma ulisendeze kapena ulitchinge ndi mitengo. Wotsika pansi amange chingwe m'chiuno, ngakhale dzenje likhale la m'mawondo kwa iye. Dothi lotuluka likatayidwe patali, osati pamlomo pa dzenje. Amandiseka kuti ndimathamangitsa ngakhale mwini chitsime akabwera kudzasuzumira, ndipo n'zoona, ndinathamangitsapo wansembe. Munthu amene ali pansi akaitana, kaya wapeza madzi, kaya wapeza njoka, kaya wapeza chiyani, ayankhe ndi mmodzi yekha. Ena onse aime pomwe ali.